Tepi Imene Mai Nasoni Anandisungitsa

Zikomo a wapampando pondipatsa mpata. Mundilole ndiyankhule nditakhala, bondo ili linayamba kale kukana kuima nthawi yaitali. Dzina langa ndine Fanuwelo, kwathu ndi konkuno kwa Malemia, koma makolo anu ambiri amandidziwa ndi dzina lakuti Dairekita. Musaganize kuti anandipatsa pondilemekeza. Mumva mmene linabwerera.

Mwandiitana chifukwa ena mwa inu mukufuna kupita kusukulu ya kanema, ndiye mukufuna kudziwa ngati n'zaphindu kapena n'kungotaya ndalama za makolo. Ndikuyankhani, koma ndidzera njira yaitali. Ndikuonanso maso ofiira awiri atatu kumbuyoko, a anzanga amene maloto anawathera panjira ndipo tsopano akutonthoza mtima ndi botolo. Inu musatuluke, mbali yaikulu ya nkhaniyi ndi yanu.

Domasi wa masiku amenewo sanali ngati wa lero, wakuti mwana aliyense ali ndi kamera m'thumba. Zaka za m'ma 1990 zikuyamba, wailesi ya kanema m'dziko muno munalibe. Wofuna kuona zithunzi zoyenda ankapita kwa Che Adamu, bambo wachisilamu amene anali ndi golosale m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde. Kuseri kwa golosaleyo anamanga chisakasa cha bango, n'kuikamo mabenchi, sikirini, deki yoonetsera matepi, ndi jenereta yolira ngati ili ndi chifuwa. Ine ndinali wantchito wawo. Ndinkasesa makoko a nzimbe ndi a mtedza, kubweza matepi, ndiponso kumasulira anthu zimene azungu a m'filimu akunena. Chizungu changa chinali cha fomu thu, choncho pamene sindinamve ndinkangopeka, ndipo anthu ankati mafilimu a kwa Che Adamu ndi okoma kuposa a ku Zomba. Mpaka lero ndikamva fungo la utsi wa jenereta, mtima umabwerera m'chisakasa chimene chija. Tinali osauka ndithu, koma Loweruka tinkaliyembekezera ngati mvula yoyamba.

Kamera ndinaipeza kwa mzungu wina wa zaumoyo amene anabwera kudzajambula za likodzo m'minda ya mpunga kumunsiku. Ndinkamunyamulira katundu. Pobwerera kwawo anandisiyira kamera yake yakale, ija yosenza paphewa, yolemera ngati mwana wa chaka. Ndi imeneyo ndinayamba kujambula maukwati.

Ndikuuzeni mmene ukwati tinkaujambulira kuno, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Wojambula ankayenda benchi ndi benchi, mkeka ndi mkeka, kuonetsa nkhope ya munthu aliyense amene wabwera. Ankhoswe, ophika kuseri, ana osuzumira pawindo la tchalitchi, onse. Pa perekani-perekani kamera sinkazima, chifukwa aliyense wovina kukafupa ankafuna aoneke. Tepi ikadzaza, ntchito yatha. Pakapita sabata banja linkabwereka jenereta ndi sikirini, mudzi wonse n'kusonkhana, n'kuonera mpaka kumapeto osatopa, uku akutchulana mayina: awo ndi a uje, uyo ndi mwana wa uje, taonani mmene akutafunira. Anthu ambiri kuno analibe ngakhale chithunzi chimodzi cha pakhoma. Tepi ya ukwati ndiyo inali chithunzi chawo.

Mzungu uja sanandiiwale. Anandipezera malo pasukulu ina ya kanema ku Harare, maphunziro osakwana chaka. Fizi analipira yekha, koma zoyendera ndinalibe. Amene anaimirira mutchalitchi kundiyankhulira ndi a Nasoni, kalipentala amene analinso wotsogolera kwaya yathu. Anati, "Mwana uyu ndi wathu. Akaphunzira iyeyu, taphunzira ndife." Mbale inayenda. A Nasoni omwewo anandikhomera bokosi la mlombwa losungiramo kamera, osalandirapo kanthu.

Sukulu ija sindidzainyoza. Ndinaphunzira kuti kuwala kuli ndi kumene kumachokera, kuti munthu wakuda ngati ine ukamuimika kutsogolo kwa windo nkhope yake imasowa, kuti mawu osamveka amapha chithunzi chabwino, kuti kamera yogwedezeka imatopetsa maso. Ndinaona mafilimu opangidwa ndi anthu akuda anzathu a maiko ena, ndipo ndinagwetsa misozi muholo, chifukwa sindinkadziwa kuti zoterezi zimatheka. Mphunzitsi wathu wa kudula ndi kulumikiza zithunzi ankabwereza tsiku lililonse kuti chilichonse chosapititsa nkhani patsogolo chichoke, ngakhale uchikonde bwanji. Pa za mafilimu ankanena zoona. Cholakwa changa chinali kuganiza kuti chilichonse chodutsa mukamera ndi filimu.

Ndinabwerako ndi ndevu, kachipewa kotembenuza, ndi liwu lakuti "kati", ndiye kuti dula. Ntchito ya mafilimu kuno kunalibe. Ndinayenda m'maofesi ku Blantyre ndi setifiketi yanga, anthu n'kumaitembenuza uku ndi uku osadziwa kuti aitani. Ndinabwerera kumaukwati omwe aja, koma tsopano ndikuwaderera.

Kenaka Esinati, mwana mmodzi yekhayo wa a Nasoni, anapeza banja ndi mphunzitsi wina wogwira ntchito ku Karonga. A Nasoni anabwera okha kudzandiuza.

"Fanuwelo, ukwati uwu ndi wako. Utionetse zimene unakaphunzira zija."

Unali ukwati wokoma, abale. A Nasoni anapereka malangizo aatali, kuseketsa anthu ndi kuwaliritsa. Pa perekani-perekani, munthu amene tinkangomudziwa ndi chala choimitsira kwaya anavula jekete, n'kuvina mpaka amayi a mvano kugwa ndi phwete. Zonsezo ndinajambula. Tepi inadzaza.

Ndinabwereka madeki awiri n'kuyamba kudula monga anandiphunzitsira. Malangizo a a Nasoni anali aatali, mphepo inkasokoneza mawu, ndinadula. Povina paja dzuwa linali kumbuyo kwawo, ndinadula. Mabenchi a anthu ndinadula onse. Ndinasiya maluwa, mphete, belu la tchalitchi, mapazi a mkwatibwi, ndi dzanja la a Nasoni likupereka dzanja la Esinati, chithunzi chimene ndinkachinyadira kwambiri. Ukwati wa tsiku lonse unatsala wosakwana theka la ola. Matepi anali okwera mtengo, ogula ku Blantyre, ndiye tepi yoyamba ija, imene munali zonse, ndinaitenga n'kukajambulapo nkhungu ya paphiri la Malosa, ya filimu yanga imene ndinkati idzanditchukitsa. Tsoka silinunkha. Ndisanapereke ntchito yanga, a Nasoni anadwala chibayo, ndipo sabata isanathe tinawaika m'manda.

Chisoni chitachepako, Esinati asanabwerere ku Karonga, ananditumizira mawu akuti amayi akufuna kuona tepi. Apa munthu wanzeru akanapita kaye yekha, kukagwada, n'kunena zoona. Ine ndinapita ndi jenereta.

Pabwalo panadzaza. Mai Nasoni anakhala pamkeka kutsogolo kwenikweni, atavala zakuda, nkhope ili pafupi ndi sikirini. Tepi inayamba. Maluwa, belu, mapazi. Palibe amene anatchula dzina la mnzake, poti panalibe woti n'kumutchula. Titafika padzanja paja, mai Nasoni anakweza chala.

"Imitsa pamenepo. Dzanja ilo ndi lawo, ndalidziwira chipsera cha sowo. Nanga nkhope ikubwera pati?"

"Ndinadula, mayi."

"Unadula. Chabwino, bweretsa ija usanaduleyo."

"Ndinajambulapo zina."

"Zina ziti?"

"Nkhungu."

Ndipo ine, m'malo mogwa pansi, ndinatsegula pakamwa panga n'kunena kuti, "Mayi, mafilimu enieni ndi mmene amakhalira." Esinati anawadzutsa mayi ake n'kulowa nawo m'nyumba.

Madzi akatayika saoleka. Nkhani inafika ku Songani ine ndisanafike kunyumba. Palibe amene anandiitananso kuukwati, ndipo ine ndinkauza aliyense kuti anthu a kuno ndi mbuli, sadziwa luso. Mumtima ndinkadziwa chimene ndinachita, ndiye ndinafuna choti chindigoneke. Ndinayamba ndi masese, posakhalitsa ndinali pa kachasu. Anzanga a pamowa ndi amene anandipatsa dzina la Dairekita. Ankandigulira kuti ndiwauze za ku Harare, ndikagwa pabenchi iwo n'kumati "kati". Kumpingo anandiimitsa. Ndinali mkamwini kwa akazi anga a Rozina, ndipo tsiku lina ndinapeza zovala zanga zili m'jumbo pakhonde, chitseko chotseka, mwana akulira mkati. Ndinabwerera kukanyumba kodontha ka malemu mayi anga. Kamera ndi bokosi lake ndinagulitsa kwa Che Adamu pamtengo wa mbuzi, ndipo mbuziyo ndinaimwa masiku ochepa. M'mawa wina ndinadzuka m'ngalande pafupi ndi mlatho, buluku litanyowa ndi mkodzo wanga womwe, amayi opita kumtsinje akundilambalala atayang'ana kumbali. Ena mwa iwo ndinawajambula pa maukwati awo. Zinatero zaka zoposa ziwiri.

Tsiku limene zinthu zinatembenuka linali Lachitatu m'mawa, nyengo yozizira. Ndinali pansi pa mtengo kwa mayi wina wotcheza kachasu, ndikudikira wondigulira kuti ndichotse matsire. Ndinangoona anzanga akubisa makapu kumbuyo. Potembenuka, mai Nasoni, ndodo kumanja. Anali ataonda, koma miyendo itatupa. Anawapatsa mpando, anakana.

"Fanuwelo, kamera ija ilipo?"

"Ndinagulitsa, mayi."

"Ndikudziwa. Ndachokera kwa Che Adamu. Ili m'bokosi mwake, sanaigwiritse n'komwe. Akuti Loweruka akubwereka."

"Ndikajambule chiyani?"

"Ine."

Ndinayang'ana pansi. Iwo anapitiriza, mawu osakweza.

"Esinati ali ndi ana awiri tsopano, ang'onoang'ono. Miyendo iyi ukuiona. Ndikapita lero, sadzandikumbuka. Agogo awo aamuna anapita opanda nkhope, ine sindifuna kupita choncho."

"Mayi, ku Zomba kuli ojambula ena abwino. Ine ndinatha."

"A ku Zombawo anawayankhulira ndani mutchalitchi? Amuna anga anati ukaphunzira iwe taphunzira ndife. Ine phindu la mbale ija sindinalione." Anatembenuka kuti azipita, kenaka anaima. "Ubwere usanamwe. Dzanja lako likamanjenjemera, inenso ndidzakhala ndikunjenjemera pasikirini mpaka zidzukulu zanga kukalamba."

Ndikuuzeni zoona, sindinalape pamenepo. Tsiku limenelo ndinamwa. Lachinayi ndinamwa pang'ono. Lachisanu ndinadzitsekera m'kanyumba kaja, thukuta kuchita kukha m'nyengo yozizira, mutu ukuwawa. Amene munayesapo mukudziwa. Loweruka ndinali wosamwa, koma manja ankanjenjemera kuposa masiku onse. Che Adamu anandipatsa kamera, tepi yatsopano ndi batire la galimoto, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Kwa mai Nasoni anandilandira ndi chikho cha thobwa, theka linatayikira pamalaya. Ndinadziwa kuti paphewa kamera siikhala. Ndinakhala pansi ndikufuna kuthawa. Pamenepo zinthu za kusukulu zija, zimene ndinkangozitchula pamowa podzitama, zinayamba kubwera chimodzichimodzi. Ndinatenga mtondo, n'kuuzondotsa, n'kuyalapo chitenje chopinda, n'kukhazikapo kamera. Inakhala nji. Mayi aja ndinawachotsa pakhonde, pamene panali mdima, n'kuwakhazika pansi pa mango, dzuwa likuchokera chammbali. Ndinapempha nsalu yoyera ya pabedi n'kuiyanika mbali inayo, kuti ibweze kuwala kumaso kwawo. Ndinapempha oyandikana nawo kuti azimitse wailesi, ndinasendeza mtondo pafupi kuti mawu amveke, n'kudikira mphepo idutse. Nditayang'ana mukamera ndinaona nkhope yawo yonse, mzere uliwonse, maso akuwala. Chijambulireni sindinaonepo chithunzi chokongola chotere.

"Wakonzeka? Usadule," anatero.

"Sindidula, mayi."

Anayamba ndi kulonjera zidzukulu zawo, kuzitchula mayina. Ananena mfunda wawo, kumene anabadwira, malire a munda wa kudambo. Pena ankakhala chete nthawi yaitali, pena kutsokomola. Nkhuku inadutsa, anaithamangitsa ndi ndodo. Chala changa chinkayabwa kufuna kuzimitsa, koma ndinachikhalira. Kenaka anayang'ana mukamera mwenimweni.

"Agogo anu aamuna simudzawaona. Ndiye mverani, ndikuuzeni ine."

Anawafotokoza kuyambira kumutu. Dazi loyambira pakati, pensulo yosachoka kukhutu ngakhale mutchalitchi, mpata pakati pa mano akutsogolo, kaseko koyamba ndi mapewa mawu asanatuluke. Ananena mmene a Nasoni anawafunsirira pamsika wa Songani, akunamizira kugula tomato. Atatero anati, "Ndipo tsiku la ukwati wa mayi anu anavina chonchi." Anasiya ndodo, n'kuimirira ndi miyendo yotupa ija, n'kuyamba kuvina. Mutu wawo unatuluka m'chithunzi. Ndinanyamula kamera pamtondo paja, n'kutsamira mtengo wa mango kuti undigwirire msana, n'kuwatsatira. Ndinkalira, diso limodzi lili mukamera. Chiyambire tsiku la pabwalo lija, aka kanali koyamba kuti ndilire ndisanamwe.

Tepi itadzaza ndinaitulutsa. Matepi aja anali ndi kapulasitiki pangodya, kakuti ukakathyola deki imakana kujambulapo zina. Ndinakathyola iwo akuona, n'kugwada, n'kuwapatsa tepi ndi manja awiri. Mawu amene ndinayenera kunena zaka zoposa ziwiri zapitazo anatuluka pamenepo.

"Ndinakulakwirani, mayi. Ndinawalakwira a Nasoni."

"Ndamva," anatero. Tepi ija sanailandire. "Sunga iweyo. Esinati abwera pa Khrisimasi, tidzaonera limodzi."

Apo n'kuti tili mu Juni.

"Mayi, ine? Mukundidziwa mmene ndilili."

"Ndikukudziwa. Ukafuna kugulitsa, ugulitse. Ndidzangodziwa kuti amuna anga analakwitsa."

Inu a kumbuyoko, mverani apa. Ine mowa sindinausiye chifukwa cha mphamvu zanga. Ndinali ndi chinthu cha mwini m'manja, chimene ndikanachitaya sichikanapezekanso. Tepi ndinaikulunga m'pulasitiki n'kuitsomeka kudenga, mbali yosadontha. Pasanathe mwezi chiyeso chinabwera. Mnyamata wina woonetsa mafilimu ku Songani ankagula tepi iliyonse, ankamata pobowoka paja n'kujambulapo zake, ndipo mtengo wake unali wokwana velemoti ya kachasu. Tsiku lina ludzu litandigwira pakhosi ndinaitsitsa, n'kuibisa m'jekete, n'kuuyamba ulendo. Ndinafika pamlatho. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, ndikuyang'ana ngalande yanga ija. Kenaka ndinakhotera kwa Che Adamu.

"Che Adamu, ndisungireni iyi, ndisanachite zopusa."

"Mwini wake anasungitsa ine?"

"Ayi."

"Ndiye bwerera nayo. Koma mawa m'mawa ubwere, chisakasa chikufuna wosesa."

Ndinabwerera ku tsache limene ndinayambira, ine wa setifiketi ya ku Harare. Manyazi anandigwira masiku oyamba, kenaka ndinaona kuti ntchito ya m'mawa imatseka pakamwa pa ludzu. Malipiro ndinawapempha kuti azindipatsa ufa, sopo ndi nyemba za m'golosale, ndalama zisamadutse m'manja mwanga. Njira yodzera kwa mayi wa kachasu ndinaisiya, ndinkazungulira kumunda wa nzimbe ngakhale kunali kutali. Anzanga aja anandiseka, kenaka anandiiwala, ndipo mudzadabwa mmene anzanu a pamowa amaiwalira msanga. Ndinapita kwa mkulu wa mpingo mmodzi n'kumuuza zonse, osakometsa, ndipo tinagwirizana kuti Lamlungu lililonse azindifunsa pamaso ngati ndamwa.

Ndinagwa kamodzi, mu Seputembala, pamwambo womanga manda a malume anga. Ndinamwa mpaka osadziwa amene anandiperekeza. Podzuka, chinthu choyamba sichinali kufuna madzi, ndinakwera pampando kupapasa kudenga. Tepi inalipo. Lamlungu mkulu wa mpingo atandifunsa ndinavomera, n'kuyambiranso. Mukagwa, musanene kuti basi zonse zapita. Dzukani tsiku lomwelo.

Kwa a Rozina ndinatuma ankhoswe. Anayankha kuti amva, koma aona kaye ndi maso. Chaka chimenecho sanandilandire, ndipo sanalakwe. Anandilola kumakalima munda wawo ndi kumuona mwana. Ndinabwerera m'nyumba chaka chinacho, titakolola. Ndi awo akhala apowo, akundiyang'ana kuti ndisawonjezere.

Tsopano funso lanu lija. Kodi sukulu ya kanema n'njaphindu? Mpata ukapezeka, pitani. Chimene ndinachita ndi mtondo ndi nsalu ya pabedi sindikanachidziwa pandekha, ndipo ngati ndikanachidziwa, zikananditengera zaka. Mukaonanso ntchito za anzanu zimene zingakutsegulini mutu. Koma musagulitsire munda wa mayi anu, ndipo musayembekezere kuti setifiketi ikupatsani ntchito, ine yanga inadyedwa ndi chiswe. Ngati ndalama palibe, yambani ndi foni muli nayoyo, jambulani maukwati, makwaya, mipira, mukakamire munthu wodziwa mumunyamulire katundu. Ndipo kaya mwapita kaya simunapite, musanadule kanthu muyambe mwafunsa mwini ntchito kuti akufuna kudzaona chiyani. Funso limeneli kusukulu kwathu silinali pa mayeso. Choyambirira mwajambulacho musamachifufute, ngakhale chikhale choipa bwanji.

Khrisimasi inafika. Esinati anabwera ndi amuna ake ndi ana. Ndinatsitsa tepi kudenga, ndinabwereka jenereta ndi sikirini, ndipo Che Adamu anati nditengenso kamera, mwina ingafunike. Tinaika sikirini pakhonde masana, mvula itangokata, anthu atakhala pabwalo lomwe lija. Esinati anandipatsa moni wa pakamwa pokha, dzanja osatambasula. Mtima wanga unkagunda kuti mwina chinyezi chalowa m'tepi. Nditaiika, nkhope ya mai Nasoni inadzaza sikirini yonse.

"Inu, ndakalamba chonchi? Bwanji simundiuza?" anatero eni ake, anthu n'kuseka.

Anaonera yonse. Pamene panali chete, nawonso anakhala chete. Nkhuku itadutsa, mayi wina anati ndi yake. Pofika pa dazi ndi pensulo, Esinati anaphimba kumaso ndi chitenje, ndipo ine ndinafuna nthaka itang'ambika. Kenaka pasikirini mayi aja anasiya ndodo n'kuyamba kuvina. Esinati anachotsa chitenje kumaso, akupukuta misozi.

"Amayi, mwalakwitsa. Ababa sanavine choncho. Phewa ankatsitsa lakumanzere."

"Iwe unali mkwatibwi, unali utazyolika. Unaona chiyani?"

"Ndinkaba ndi diso. Anatere."

Anaimirira n'kuonetsa. Bambo wina wa kwaya anati onse awiri aphonya, mwendo ankaukoka, n'kuimiriranso. Amayi a mvano anayamba kuomba m'manja, wina anayambitsa nyimbo ya tsiku lija. Posakhalitsa bwalo lonse linali chiimirire, aliyense akuvina a Nasoni ake, akutsutsana, ena akulira uku akuseka. Mai Nasoni anali pakati, atagwira kamdzukulu dzanja.

Ine ndinali nditakhala pambali pa jenereta, bokosi la kamera lili pamapazi, osayerekeza kulitsegula. Esinati anasiya kuvina n'kubwera pamene ndinali. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana bokosi limene anakhoma bambo ake.

"Achimwene, mukudikira chiyani? Jambulanitu. Muyambire uko kwa ophika, aliyense aoneke."

Ndinasenza kamera paphewa, n'kuyambira kwa ophika.